Mimba ya a Kalaliki

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumunsi kwa msewu wopita ku Makwasa, panalibe munthu wokonda ntchito yake kuposa a Fabiano Namakhwa. Iwo anali kalaliki wa pa sikelo. Anthu othyola tiyi akadzaza madengu ankabwera nawo kwa iwo, ndipo a Fabiano ankapachika masambawo pa sikelo, kutchula makilo ake mokweza ngati akulengeza kumsonkhano, kenaka n'kulemba. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anazithera pa ntchito imeneyi. Ankanena okha kuti pa sikelopo sadzachokapo wamba, adzachita kuwanyamula.

Anali munthu wa thupi. Polowa m'nyumba, mimba ndiyo inkayamba, eni ake n'kumabwera pambuyo. Koma tisawaseke kwambiri, pakuti kunyadira kwawo kunali ndi pochokera. A Fabiano anakula m'zaka zija pamene kuwonda kunali ngati mlandu, munthu akangotsika thupi pang'ono anthu ankayamba kukodolana kumbali. Anzawo ambiri amene anayamba nawo ntchito anawaika m'manda atatha ngati chitsulo cha khasu lakale. Choncho iwo ankati akayang'ana mimba yawo, ankaona umboni wakuti imfa inawalambalala.

Umboni umenewu ankausamala bwino. M'mawa unali tiyi wamkaka wa masipuni anayi a shuga, ndi mandasi osawerengeka. Masana kunkabwera chipisi ndi kanyenya wambuzi kuchokera kwa a Mwamadi ku msika, kamulu ka mchere kali pambali. Kuyenda pansi ankakuona ngati kudzinyoza, poti thirakitala yonyamula masamba inalipo. Lachisanu lililonse ankakwera pa sikelo yaikulu ya ku fakitale, ndipo tsiku limene inawerenga makilo 112 nkhaniyo inafika m'minda yonse dzuwa lisanapendeke.

Amene ankalawa kwambiri nthabwala zawo anali a Caleb, kapitawo wa othyola tiyi. A Caleb anali a mpingo wa Sabata, owonda ngati nsungwi, osadya nyama, ndipo chodabwitsa china, osamwa ngakhale tiyi amene ankamuyang'anira. A Fabiano ankawalangiza kuti chiperoni chikayamba kuwomba azigwiritsa tsinde la tiyi, angadzapezeke atauluzikira ku Mulanje. A Caleb ankangoseka, chifukwa awiriwa ankakondana.

Chaka china, mvula itatsala pang'ono kuyamba, kunabwera anthu a zaumoyo amene ankayenda m'dziko lonse kuchita kafukufuku wa matenda a mtima, a shuga ndi kunenepa kwambiri. Nyumba zoti alowemo ankazisankha mwamaere, ndipo maerewo anagwera nyumba ya a Fabiano. Zamaerezo iwo sanazikhulupirire. Anauza akazi awo, mayi Tinenenji, kuti boma silingatume anthu ulendo wonsewo kuti adzayeze mafupa, lasankha munthu woti aimire Thyolo mopatsa ulemu. Anavala malaya a ku tchalitchi n'kukhala pakhonde kudikira.

Namwino wa gululo, mayi Teleza, anafunsa mafunso ambirimbiri: mchere amathira wochuluka bwanji, zipatso amadya kangati pa sabata, amayenda pansi mtunda wotani. A Fabiano anayankha zonse monyadira. Anakwera pa sikelo, anawazunguliza tepi m'chiuno mpaka tepiyo inatsala pang'ono kuperewera, onse akuseka. Koma atawamanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, kuseka kwa namwino kunazilala. Anayeza kachiwiri, n'kuyezanso kachitatu. Kenaka anawauza mosabisa kuti BP yawo ndi yokwera kuposa ya munthu aliyense amene anamuyeza sabata imeneyo, ndipo ayenera kupita kuchipatala asanathe masiku awiri.

"Mayi, ine ntchito yanga ndi ya manambala," anatero a Fabiano akusisita mimba. "Kuno kwathu nambala ikakwera timaomba m'manja."

"Ya masamba, inde, bambo. Ya magazi ikakwera chonchi timathamangira kuchipatala."

Iwo anati mutu suwapweteka, chakudya chimalowa bwino, tulo amagona. Mayi Teleza anawafotokozera kuti ndi mmene alili matendawa, sanena odi polowa. Anati anthu ambiri m'dziko muno akuyenda nawo osadziwa, n'chifukwa chake boma likufuna kudziwa chiwerengero chawo. Anawalembera kalata yopita nayo kuchipatala, nawapempha kuti achepetse mchere, shuga ndi zamafuta. A Fabiano analandira kalatayo ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kuilowetsa m'thumba la malaya a ku tchalitchi aja, momwe inakhala mwamtendere.

Si kuti sanamve. Anamva bwinobwino, koma kuvomera kukanatanthauza kuti chinthu chimene anachinyadira zaka zonsezi chinali mdani wawo, ndipo zimenezo mtima wawo unakana. M'mawa mwake anakauza anthu pa sikelo kuti m'mabuku a ku likulu dzina la Thyolo lakwera chifukwa cha iwo. Mayi Tinenenji anachita mantha, nayamba kuchepetsa mchere mu ndiwo mwakachetechete. Bambowo sanakangane nawo, anangoyamba kuyenda ndi mchere wawowawo wokulunga m'kapepala. A Caleb anadzipereka kuti awaperekeza kuchipatala tsiku lililonse limene angafune, koma anayankhidwa kuti munthu wofunika kuonedwa ndi dokotala pakati pa awiriwo akudziwika ndi maso.

Mu Januwale tiyi anaphuka mwamphamvu monga amachitira mvula ikakhazikika, ndipo ntchito inachuluka. Tsiku lina ankathyola m'munda wa kumunsi kwenikweni, m'mphepete mwa mtsinje, kumene njira yake ndi yotsetsereka moti ngakhale mbuzi imayenda moganizira. Thirakitala inawatula a Fabiano kumeneko m'mawa pamodzi ndi sikelo yawo n'kubwerera. Itangochoka, mvula inagwa yosasewera, njira yonse n'kusanduka phala.

Chakumasana, akuyeza dengu la mayi wina, a Fabiano anatsegula pakamwa kuti atchule makilo, koma lilime linakana. Anayesanso, mawu n'kutuluka ngati a munthu woledzera. Cholembera chinagwa m'manja. Amayi amene anali pamzere anayamba kuseka poganiza kuti ndi nthabwala zawo za masiku onse, mpaka pamene anaona kuti pakamwa papotokera mbali imodzi ndipo thupi lonse likutsetsereka pampando. A Caleb anafika akuthamanga, anangowayang'ana kamodzi n'kudziwa kuti ndi sitiroko, ndipo kuti chofunika n'kufika kuchipatala msanga.

Anaimba foni, koma woyendetsa thirakitala anati kutsika kumeneko n'kufuna kugubuduzika. Galimoto ikanatha kudikira kumsewu kokha, pamwamba pa chitunda. Panalibe kuchitira mwina. Anawagoneka pa lona loyanikapo masamba, anthu asanu ndi mmodzi n'kugwira m'mbali. Atayenda pang'ono anaona kuti sakwanitsa, anaitana ena awiri. Ankati akakwera mapazi atatu, matope n'kuwabweza awiri. A Caleb, nsungwi ija, ndiwo anagwira kumutu kolemera, minofu ya m'khosi itachita kuima.

A Fabiano ankamva zonse ngakhale samatha kuyankhula. Ankamva kupuma kwa wefuwefu kwa anthu amene anawanyamula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analakalaka akanakhala opepuka. Pakati pa chitunda, atawatsitsa kuti apumeko, mayi wina wachikulire anapukuta nkhope yake n'kuwerama.

"A kalaliki, nanga makilo awa atilembera ndani?"

Anthu anaseka kuseka kwa otopa, ena misozi ili m'maso, n'kunyamulanso. Mtunda umene wothyola tiyi amaukwera mphindi khumi dengu lili kumsana, iwo anautha ola lathunthu.

Kuchipatala cha ku Makwasa anawalandira mwachangu, ndipo moyo wawo unapulumuka. Patapita masabata atatu anabwerera kunyumba akuyenda chokoka mwendo, mawu atabwerera pang'ono, ndi mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse. Koma dzanja lamanja silinabwerere. Ankati akaika cholembera pakati pa zala, chinkangogwa. Akuluakulu a esiteti anadikira miyezi iwiri, kenaka anawapumitsa ntchito mwaulemu, pa sikelo n'kukhala munthu wina. Tsiku limene ankathyola munda woyandikana ndi nyumba zawo, a Fabiano anamva mawu achilendo akutchula makilo, ndipo analira ngati mwana, osabisa.

Anthu ankabwera kudzawazonda. Loweruka lina kunafika mlongo wawo, mayi Miriam, kuchokera kwa Mphuka atasenza mkoko wa nthochi. Nawonso anali munthu wa thupi, pakuti kubanja kwawo kunalibe wowonda. Atakhala pamphasa n'kupuma mokwanira, anawayang'ana achimwene awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yawo n'kumasuka. Anayamba kuwalimbitsa mtima monga timachitira tonse tikapita kukaona wodwala.

"Koma achimwene, tithokoze Mulungu, thupi lilipo ndithu. Munthu wongobwera sangadziwe kuti mwadwala. Mukuoneka bwino kuposa ife."

Alendo ena amene anali pakhondepo anavomereza ndi mitu. A Fabiano anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa imene inkawamverabe. Ananyamula dzanja lawo lamanja ndi lamanzere, n'kuliika pamwamba pa mimba, pomwe linangokhala lende.

"Achemwali," anayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse akulikoka, "ndinkaonekanso bwino tsiku limene ndinagwa. Nthochi ndalandira. Koma musanabwerere kwa Mphuka, anzanga a Caleb akuperekezani kuchipatala, akakuyezeni. Mukakana, musadzabwerenso kudzandiona."

Mayi Miriam anafuna kuseka, koma ataona maso a achimwene awo anaweramitsa mutu. Lolemba m'mawa anapita kuchipatala kuja ndi a Caleb.

Maso athu amathera pakhungu, ndipo timafulumira kuyamikira chimene chanona. Akuluakulu anaona kale zimenezi pamene anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.