Achambwinja Awiri pa Dooko la Gwirize

Kalelo makolo athu a kwa Kwenda asanapeze dziko lino, ankayenda motsogozedwa ndi mfumu Mlongoti, mwana wa Nakwenda, ndipo woyembekezeka kulowa ufumuwo anali muphwa wake, Chambwinja. Akuluakulu amene anandifotokozera mbiriyi ankayankhula atazolika, ndipo inenso ndikuilemba ndi manyazi, pakuti magazi a anthu amenewa ndi anga.

Pagululo panali mmisiri wobadwira kwa anthu wamba, amene ankazokota nyama ndi mbalame pa minyanga ya njovu ndi pa mipando ya mafumu. Mlongoti atakondwera ndi luso lakelo, anamupatsa dzina la muphwa wake, mwakuti awiriwo anayamba kuitanana kuti adzina, ndipo mwa mwambo wa masiku amenewo adzina ankadyera mbale imodzi ngati ana a mimba imodzi.

Atafika pa dooko la mfumu Gwirize, Chambwinja wa kuufumu anakangana ndi wopalasa bwato, namulasa ndi mkondo mpaka kumupha, osadziwa kuti anali mwana wa Gwirize yemweyo. Gwirize sanafune mbuzi kapena makasu. Anatumiza mawu akuti amupatse Chambwinja, apo ayi palibe ngakhale khanda limene liwoloke.

Apa ndi pamene makolo athu anachita chinthu chonyansa. Pokana kutaya wolowa ufumu, anaitana mmisiri uja, namuveka khoza la minyanga ndi nsalu yofiira, namuuza kuti akapereke mphatso kutsidya m'dzina la mfumu. Munthu wa Mulungu, anavina ndi chimwemwe! Mnzake wa dzina ndiye anamuperekeza mpaka pabwato.

Ataona kuti opalasa abwera ndi zingwe, mmisiriyo anazindikira zonse. Sanakuwe kuti wopha munthu si iye, ngakhale kuti mawu amodzi okha akanamupulumutsa. Anangotembenuka nati, "Adzina, mukanandiuza dzulo, bwenzi nditatsanzikana ndi ana anga."

Mnzakeyo anayang'ana pansi, ndipo bwato linanyamuka. Mmisiriyo anaphedwa tsiku lomwelo, anthu athu nawoloka m'mawa mwake.

Kuyambira pamenepo mtengo unawakana anthu a kwa Kwenda. Aliyense amene anayesa kusema mpini, mpando kapena mtondo, chinthucho chinkang'ambika pakati asanachimalize. Chambwinja analowadi ufumu, koma mpando uliwonse umene anausemetsa kwa amisiri a midzi ina unathyoka atangoukhalira, mwakuti anaweruza milandu atakhala pa dothi kufikira imfa yake, ndipo palibe mayi amene anapatsanso mwana wake dzina limenelo.

Mpaka lero m'mudzi mwathu mulibe mmisiri wa mitengo. Mitondo ndi misi timakagula ku dooko la Gwirize kuja, kwa zidzukulu za ana a mmisiri uja, amene anasamukira komweko kuti akhale pafupi ndi manda a bambo wawo. Amatigulitsa mwaulemu ndithu, koma akafunsa kuti tachokera mudzi uti, ambiri a ife timatchula mudzi wina.