Rula ya a Gogoda

Pamwamba pa sitolo ina ya nsalu panali sukulu ya anthu akuluakulu, ya zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi khoma la matabwa. Monsemo ankaphunzitsa Chingerezi kwa anthu obwera ataweruka kuntchito, ena maso ali lenderende ndi tulo. M'chipinda cha kumanja munkaphunzitsa bambo wina waimvi amene ophunzira anam'patsa dzina loti a Gogoda. Dzinali silinangobwera. Munthu akalakwitsa liwu limodzi lokha, iwo ankagogoda tebulo ndi rula, go, ndipo wolakwayo ankayambiranso chiganizo chonse. M'kalasi mwawo munkakhala zii, makope aukhondo, ndipo pa mayeso olemba ophunzira awo sankagwa.

Kuseri kwa matabwa kuja kunali mphunzitsi wachitsikana, ndipo kalasi yake inkasokosa ngati pamsika. Ankawakhazika awiriawiri, wina wogula wina wogulitsa, wina wodwala wina namwino, n'kuwasiya azikangana m'Chingerezi chawo chothyokathyokacho. Zolakwa ankazikonza iwo akamaliza. A Gogoda phokosolo linkawadwalitsa mutu.

"Aphunzitsi," anawauza mtsikanayo tsiku lina akutsika masitepe, "bwanji muziwalola atsirize kaye zimene akufuna kunena? Munthu saphunzira njinga osagwa."

"Mwanawe, ine ndinayamba kugwira choko iwe usanabadwe," anayankha a Gogoda. "Chingerezi chazigamba m'kalasi mwanga sichilowa."

Wophunzira amene ankamunyadira kwambiri anali mwana wa mlongo wawo, mayi wa ana awiri amene mwamuna wake anamwalira. Ankachapa nsalu pa hotela ina. Sopo anali atam'dya manja mpaka zala kung'ambika, ndipo dokotala anali atamuuza kuti asiye madzi. Chimene ankafuna n'chimodzi basi: kuchoka kochapirako n'kukakhala pa tebulo lolandirira alendo. N'chifukwa chake ankakwera masitepe aja madzulo alionse, mapazi atatupa.

"Malume," anatero tsiku lina anzake atatuluka, "ndingakakhaleko nawo m'kalasi inayo mwa apo ndi apo? Alendo akamalankhula mawu ndimawamva, koma ndikati ndiyankhe pakamwa pamauma."

"Ukufuna ukaphunzire phokoso? Mayeso onse umakhoza iwe. Ukusowanso chiyani?"

Iye anangoti chabwino. Amalume ako sutsutsana nawo, makamaka ngati akukuphunzitsa ulere.

Patapita miyezi, malo a ntchito yolandira alendo aja anapezeka, ndipo anaitanidwa kuti akamuyese. A Gogoda anamulembera mafunso amene ankaganiza kuti akafunsidwa, iye n'kuloweza mayankho onse osaphonya. Koma bwana wa pa hotelayo sanafunse funso lililonse la pa pepala. Anangokhala pampando n'kunena m'Chingerezi kuti, "Tiyerekeze kuti ine ndine mlendo. Ndangofika kumene, chikwama changa chasowa, ndipo ndakwiya. Ndithandize."

Mayi uja anamva zonse bwinobwino. Anayamba kumanga chiganizo m'mutu, akuyeza liwu lililonse kuti lisakhale lokhota, kenako anayamba kulankhula pang'onopang'ono. Bwanayo podikira anayamba kugogoda cholembera pa tebulo, monga amachitira munthu aliyense wodikira. Mayiyo anaima pomwepo. Thupi lake linkadziwa kuti kugogoda ndiye kuti walakwa. Anayambiranso. Cholembera chinagundanso tebulo, iye anayambiranso kachiwiri, mawu akucheperachepera, mpaka anangoti duu, akuyang'ana zala zake.

"Mawu ochepa amene wanenawo ndi abwino kwambiri," anatero bwanayo mosakalipa. "Koma mlendo akanakhala atapita kale."

Ntchitoyo anapatsa mayi wina wokonza m'zipinda, wa m'kalasi yaphokoso ija. Amene anamumva akuti Chingerezi chake chinkatsimphina mwendo uliwonse, koma anapepesa, anafunsa mtundu wa chikwamacho, anam'patsa mlendoyo madzi akumwa, ndipo kukambirana sikunaduke.

A Gogoda anadikira mwana wa mlongo wawo m'kalasi madzulo amenewo, osabwera. M'mawa mwake anamulondola kuntchito. Anam'peza kuseri kwa hotela akufinya nsalu yofunda, zala atazikulunga ndi tizigamba tonyowa. Chisoni chinawagwira, koma anafunsa funso limene anazolowera moyo wawo wonse.

"Unalakwitsa pati?"

Mayiyo anayanika nsaluyo pa chingwe, n'kuiwongola m'mbali mosafulumira.

"Sindinalakwitse paliponse, malume. Kungoti sindinanene kanthu."

Anawerama n'kutenga nsalu ina m'beseni. A Gogoda anatembenuka n'kuchoka. Anabwerera wapansi, akuyenda ngati munthu wosenza katundu. Zaka zonsezi ankanyadira kalasi yabata ndi makope opanda cholakwa, osafunsa ngati ophunzira awowo angathe kupempha madzi akumwa kwa munthu wachilendo. Mwana wa mlongo wawo uja kusukulu sanabwerenso. Anati watopa, ndipo zinali zoona.

Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.