Tambala wa a Kamtengeni

Kale, mawotchi asanachuluke, ena ankadziwa nthawi poyang'ana mthunzi, ena poona nthanda. A Kamtengeni ankadalira tambala wawo, amene ankalira kunja kusanaganize n'komwe zocha.

Lufeyo atalowa chikamwini pakhomopo, apongozi akewo anamuuza kuti, "Wotchi ya pano ndi tambala uyu. Iyeyu akalira, khasu paphewa. Ndikadzakupezani pamphasa, mudzabwerera kwanu."

Lufeyo analima mpaka maso anafiira ndi tulo. Kenako anatumiza mawu kwa amalume ake, omwe anali ankhoswe a ukwatiwo, kuti adzacheze. Tsikulo litafika, anakathira madeya kuseri kwa chulu, nkhuku zonse n'kuthera komweko. Tambala yekha anamutsekera m'khola.

Alendo atafika, a Kamtengeni anazungulira bwalo lonse, nkhuku osaoneka.

"Kodi ankhoswe athunthu tiwapatsa nkhwani?" anafunsa akazi awo.

A Kamtengeni anayang'ana kukhola, anameza malovu, n'kuitanitsa mpeni. Tambala uja anaphedwa, ndipo ntchafu imodzi anadya okha, ati kuti angolawa mchere.

Mawa lake anadzidzimuka dzuwa litakwera kale. Potuluka anapeza mkamwini wawo akuothera dzuwa, miyendo atatambalala, khasu lili poteropo.

"Inu a Lufeyo, mpaka pano simunapite kumunda?"

Lufeyo anagwada chapatali, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

"Ndikudikira kuti alire, bambo. Pajatu amene muli naye pafupi ndinu, m'mimbamo, ndiye mukamumva mundiuze."