Mazira Opakidwa Katondo

Kalekale, anapiye asanayambe kubwera pa lole m'makatoni, kunali mudzi wina kumene anthu ankanyoza dzira loyera. Musandifunse amene anayambitsa. Ankati dzira lofiira ndiye la mphamvu, loyera ndi madzi okhaokha, ndipo ukampatsa mlendo loyera ndiye kuti wamuuza asadzabwerenso. Ine ndinaphwanyirapo onse awiri m'chiwaya chimodzi, mpaka lero ndikufunabe kusiyana kwake. Koma pamudzipo inali nkhani yosatsutsika.

Munthu mmodzi yekha anakana, mayi wamasiye dzina lake Nagama. Nkhuku zake zinali za mtundu umene amayi ake anamusiyira, za miyendo yakuda, zoikira mazira oyera mbee. Zaka makumi awiri anthu anamuseka, iye osasintha ngakhale thadzi limodzi. Tsiku lina mlamu wake Nachanza, mlongo wa malemu amuna ake, atadwala, Nagama anamutengera mazirawo m'mbale. Nachanza anangovundukula n'kuvundikiranso.

"Alamu, ndadwala malungo ine, sindinadwale misala."

"Bweretsani," anatero Nagama. "Ine pakamwa panga palibe maso."

Ndiye kunagwa chitopa. Matendawa sasankha mtundu wa dzira. Sabata ziwiri zokha makola onse anali zii. Nkhuku za Nagama zinatha imodziimodzi, ndipo thadzi lomaliza linafa litamusiyira mazira asanu m'dengu. M'mazira asanu amenewo ndimo munatsala mtundu wonse wa nkhuku za amayi ake. Akasowa nkhuku yowafungatira masiku ochepa okha, asukusa, mtunduwo n'kuthera pomwepo.

Pamudzi ponse panapulumuka nkhuku imodzi, thadzi lokalamba la Nachanza. Tambala analibe, koma thadzilo linali litakhala pachisa chopanda kanthu, likufuna zofungatira. Nagama ananyamula dengu lake, napita kwa mlamu wakeyo.

"Alamu, nkhuku yanu ikufungatira udzu. Ndibwerekeni mapiko akewo."

"Oyerawo? Pansi pa nkhuku yanga? Anthu akamva ndidzapita bwanji kuchitsime? Pezani ofiira mubwere."

Nagama sanapemphe kawiri. Anabwerera kwawo, naika dengu pakona. Mwana wake Eneresi, mayi wapabanja amene anabwera kudzacheza kuchokera kwa apongozi ake, anamuuza nzeru.

"Amayi, azakhali amaona chikamba chokha. Tiwapake katondo pang'ono, aoneke ofiira."

Nagama anaimirira. "Ndiwapake dothi ngati ndawaba? Zaka zonsezi ndapirira kuti lero ndiwabise nkhope? Bola asukuse ali oyera. Usawakhudze."

Eneresi anangoti chabwino. Koma Eneresiyo anali katswiri wozira nyumba, wodziwa dothi lililonse ndi mtundu wake. Amayi ake atapita kudimba, anakakumba katondo, anamusefa, anamusungunula m'madzi pang'ono, n'kumapaka dzira lililonse ndi nsonga ya chala, mopyapyala kuti mwanapiye asabanike m'katimo. Atauma, ngakhale nkhuku imene inawaikira ikanawakana. Anapita nawo kwa Nachanza, nati wawapeza kwa mnzake kutsidya la mtsinje. Nachanza anawatembenuza m'manja, nkhope ili mwee.

"Awa ndiye mazira, mwanawe! Ukaona kufiira kotere udziwe kuti m'kati muli nkhuku. Ukawauze amayi ako adzaphunzire."

Nagama atapeza dengu lopanda kanthu anadziwa zonse. Masiku anayi sanamulankhule mwana wake. Koma kukawalanda sanapite, ndipo ine sindikuuzani kuti chinamuletsa ndi mkwiyo kapena chiyembekezo, pakuti mwini wake sananene.

Nkhuku ikamafungatira imatembenuza mazira ndi mlomo tsiku lililonse. Katondo uja anayamba kuchoka. Tsiku lakhumi, thadzi litatsika kukamwa madzi, Nachanza anasuzumira pachisa, napeza mazira ake ofiira ali mawangamawanga, limodzi litayera kale mbee. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kudimba. Anatola dzira loyeralo kuti alimenyetse pamwala. Dzanja lili m'mwamba, analimva kufunda kwake. Analiyang'anitsa padzuwa, naona kamthunzi kakuda m'kati.

Anthu anali atasonkhana kale. "Tayani amenewo, mayi! Akupusitsani!"

Nachanza anawayang'ana onse. "Andipusitsa ine, osati inu. Nkhuku ndi yanga, chisa ndi changa. Amene akufuna kutaya akataye za kwawo." Anabwezera dziralo pachisa, nakhala pakhomo pa khola ndi ndodo.

Kuyambira tsiku limenelo kuchitsime ankamuseka iyeyo, ndipo zinamupweteka kwambiri, chifukwa anali asanasekedwepo. Mazira atatu anasukusa. Awiri anaswa. Mwanapiye mmodzi anatengedwa ndi kabawi, ndipo kabawiyo atabweranso kudzatenga wachiwiri, Nachanza anamuthamangitsa n'kugwera pachitsa, bondo n'kung'ambika. Wotsalayo anamulera ndi madeya ake, namufukulira chiswe m'mawa uliwonse akutsimphina. Anakula n'kukhala msoti wokongola wa miyendo yakuda. Thadzi lokalamba lija, ntchito itatha, linafa ndi ukalamba wake. Pamudzi ponse panatsala msoti umodzi umenewu, ndipo amayi atatu aja anakumana pakhomo pa khola, aliyense atanyamula dengu lotengeramo.

Nagama ndiye anayamba. "Msoti uwu ndi wa amayi anga. Zaka makumi awiri ndinasunga mtunduwu nonsenu mukundiseka. Ndikanakumverani, bwenzi lero mukulimbirana chiyani?"

"Munausunga, amayi," anatero Eneresi, "koma munali okonzeka kuuika m'manda kuti musagonje. Dengu lija ndikanalisiya pakona monga munanenera, bwenzi mukusesa zowola. Ndinaba, ndinanama, sindikukana. Ndipo nditati ndibwerere tsiku limene lija, ndingabenso. Msotiwu ndipita nawo kubanja kwanga, kumene kulibe chitopa, ndipo tambala aliko."

Nachanza anaonetsa chipsera cha pabondo. "Wina anandibweretsera mwano, wina anandibweretsera bodza. Ine ndinapereka nkhuku yanga yomaliza. Nditadziwa zoona, dzira linali m'manja mwangamu, mwala uli apo. Ndani anandigwira dzanja? Khola langa latsala lopanda kanthu chifukwa cha mwana wa eni ake."

"Nanga ukayamba kuikira oyera, alamu, mudzatani?" anafunsa Nagama.

"Ndidzadya. Koma kunena kuti amaposa ofiira, zimenezo mudzazimva kwa wina."

Palibe anatsitsa dengu lake. Msoti sugawika patatu, ndipo kuupha kuti aliyense alaweko ndiko kutha kwa mtundu umene onse atatu anauvutikira. Kusinthana miyezi anakana, pakuti aliyense ankadziwa kuti woyamba kuutenga sadzaubweza. Mpaka dzuwa linapendeka akali chiimire, msoti ukupalasa pakati pawo.

Tsono nkhani ndaitula kwa inu, ndipo musandiuze zoti agwirizane, chifukwa amayi awa ndikuwadziwa. Wina anakana kugonja koma akanawoletsa mazira. Wina anawapulumutsa ndi kuba ndi bodza. Wina anawakana poyamba, koma atawazindikira anasankha kusekedwa nawo. Nenani inu, msoti umenewu ulowe m'dengu la yani?