Njiri ndi Nungu Aperekezana Mwezi Wathunthu

Padangokhala, ana inu, ndipo amene sayankha kuti "tili tonse" atuluke akaingitse nkhuku pamphale, padali Njiri wina amene ankakhala m'una wake patsinde pa phiri la Kamphambe. Njiriyu anali ndi nthenda imodzi, nthenda yonyoza kwawo. Ukamupatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji a Njiri?" iye ankati, "Ndadzuka konkuno. Nanga kumeneku n'kudzuka?"

Mtima wake wonse unali ku Mathithi a Mkokomo, kutali zedi, kumene amati madzi amagwa kuchokera kumwamba n'kumafuka ngati utsi. Sanapiteko, koma ankawafotokoza ngati anawakumba yekha. Mkazi wake Nangondo akati, "Bambo, tiyeni tikawongoleko miyendo kuseri kwa phiriku," iye ankayankha kuti, "Kuseri kwa phiri kuli chiyani? Kuli kuseri basi."

Aliyense ankadziwa kuti ku Mkokomo sapita wapansi. Ankakwera Njovu, amene ankanyamula apaulendo kamodzi pachaka kuchokera pansi pa mlambe. Malo pamsana pake anali ochepa, ndiye wofuna kupita ankaika mwala wake pamzere, monga amayi anu amaikira chidebe pamjigo. Zaka zisanu ndi ziwiri mwala wa Njiri unkatsalira kumbuyo. Chaka chimenecho unafika patsogolo penipeni. Komatu maondo ake anali atayamba kulira ngati chitseko chakale, ndipo ankadziwa yekha kuti akaphonya ulendo uwu, chaka chinacho pamsana pa Njovu sadzakwerapo.

Kutatsala masiku atatu, kunabwera mlendo. Anali Nungu, mlongo wake wa Nangondo, wa kutsidya kwa dambo, amene anabwera kudzafunira mlamu wake ulendo wabwino. Anacheza, anamwa thobwa, ndipo dzuwa litapendeka Nungu anati, "Alamu, ndione msana wa njira."

"Tiyeni ndikuperekezeni," anatero Njiri, n'kutola phukusi la mlendoyo.

Mwambo wake mukuudziwa. Mlendo umamunyamulira katundu, umayenda naye mpaka pamphambano, umamupatsira katundu wake, n'kunena kuti "mukapereke moni." Basi, wabwerera. Koma Njiri ankafuna kuonetsa miyendo ya munthu wopita ku Mkokomo.

Atafika pamphambano, Nungu anati, "Bwererani pano, alamu."

"Pano? Pano amabwererapo ndi ana."

Atafika padambo, Nungu anati, "Bwererani pano, alamu."

"Pano amabwererapo ndi odwala."

Anayenda, anayenda, mpaka pakhomo pa Nungu penipeni. Tsono Nunguyo naye sankafuna kupambanidwa, pajatu minga zake sizinali za pamsana pokha. Anayala mphasa n'kunena kuti, "Mwaponda pakhomo panga, ndiye kuti mlendo tsopano ndinu. Khalani, mumwe madzi." Njiri atamwa madzi n'kuimirira, Nungu anali atagwira kale ndodo ya mlamu wake.

"Mlendo sabwerera yekha. Tiyeni ndikuperekezeni."

Pamphambano Njiri anati, "Bwererani pano, alamu."

"Ndamva kuti pano amabwererapo ndi ana," anatero Nungu.

Anakamusiya pakhomo. Pakhomopo mlendo anakhalanso Nungu, ndipo kutacha Njiri anatolanso phukusi lija. Agologolo a m'mbali mwa njira, amene alibe ntchito ina koma kuona za eni, anapeka nyimbo:

Perekeza, perekeza,
Mlendo sabwerera yekha.
Wandisiya pakhomo panga,
Nane ndikakusiya pako.

Nyimboyo inamuwawa Njiri. "Alamu, tisadzerenso njira ya amwanowa. Tidzere kuseri kwa phiri."

Kuseri kuja, kumene ankati kuli kuseri basi, kunali thanthwe lalitali lotsetsereka, madzi akuyenda pamwamba pake. Nungu anangopondapo kamodzi, tere, chagada, miyendo m'mwamba, mpaka m'dziwe phava. Njiri anati mlendo sangamire ali m'manja mwake, ndiye anakhala pansi n'kutsetsereka naye. Dziwelo linali lolekeza m'maondo. Anatuluka, anayang'anana, ndipo Njiri anati, "Malo ano ndi oopsa. Ndiyesenso kuti ndidzachenjeze ena bwino." Anayesa kakhumi ndi kamodzi.

"Ku Mkokomo zimenezi n'zachibwana," anatero akudzikung'untha, koma mchira wake unali utaima njo.

Pobwerera, Nungu ndiye anasankha njira, yodzera pa phanga lina lakuda. Poti anali anthu a mwambo, sakanadutsa pakhomo pa munthu osagonja. "Odi," anatero Nungu. Phanga linayankha kuti, "Odi." Anadikira kuti mwininyumba anene kuti lowani, nayenso mwininyumbayo ankadikira. "Zikomo," anatero Njiri. "Zikomo," linatero phanga. "Ayi, yambani ndinu." "Yambani ndinu."

"Uyu watiposa ulemu tonse awiri," ananong'ona Nungu. Anamusiyira mbatata yootcha pakhomo n'kumapita, akuseka mpaka nthiti kuwawa.

Tsiku lachitatu linafika, tsiku la Njovu, ndipo woperekeza anali Njiri. Nangondo anali atamumangira kale kamba wa paulendo. Anamugwira pamkono n'kunena kuti, "Bambo, lero ndi lero. Achimwenewa mukawasiye pamphambano, mumve. Zaka zisanu ndi ziwiri si masewera."

Njiri anavomera. Koma Nungu anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Zoona, alamu, mukandisiye pamphambano. Anthu akafunsa ndidzangoti munatopa."

Mawu amenewo anamulowa Njiri ngati munga. "Kutopa ine? Njovu amanyamuka dzuwa lili paliwombo. Tidutse pamwamba pa phiri, n'chidule. Ndikakusiyani pakhomo n'kubwera ndisanaume thukuta."

Ana inu, chidule cha munthu amene sanakwerepo phiri lakwawo musamachikhulupirire. Anakwera, anakwera, maondo akulira, ndipo pomwe ankafika pansonga dzuwa linali pamutu. Pansi patali anamva Njovu akuliza lipenga lake. Anaona mlambe, anaona apaulendo akukwera, anaona Nyani akukankha mwala wina ndi phazi n'kukhala pamalo a patsogolo. Mwalawo unali wa Njiri.

Njovu analizanso kachiwiri. Kutsetsereka kunali kosavuta. Akanangoponya phukusi la mlendo pansi n'kuliyatsa liwiro, akanamupeza. Njiri anayang'ana phukusi, anayang'ana mlambe, anayang'ananso phukusi. Katundu wa mlendo sataya pathengo. Njovu analiza kachitatu, fumbi linakwera, ndipo phukusi linali likadali paphewa pa Njiri.

Anakhala pansi n'kulira. Osati kulira kwa manyazi kobisa nkhope, ayi, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu amene chinthu chimene anachidikira moyo wake wonse chapita akuchiona. Nungu minga zake zinagona. Anamva chisoni, ndipo anadziwa kuti pakamwa pake ndi pamene panalakwa.

"Alamu, ndalakwa ndine," anatero.

Njiri anapukuta misozi, ndipo maso atayera anaona chinthu kumunsi, mbali inayo. Dambo linali kunyezimira, mtsinje utapindika katatu pakati pa mitengo ya mikuyu, akakowa oyera atatera m'mbali mwake, ndipo pafupi ndi kauna kena panali kamunthu kakang'ono kakuyanika ufa pamphasa.

"Kodi kokongola uko n'kuti?" anafunsa.

"N'kwanu, alamu. Akuyanika ufawo ndi alongo anga."

"Bodza."

"Onani chitenje chawocho."

Njiri anayang'ana nthawi yaitali. Mwina mukuganiza kuti kuperekezana kunathera pomwepo. Simuwadziwa anthu awa. Atakamusiya Nungu pakhomo, Nunguyo anati, "Munthu amene walira sayenda yekha," n'kutola ndodo ija.

Perekeza, perekeza,
Mlendo sabwerera yekha.

Anaperekezana sabata, anaperekezana masabata awiri, tsiku lililonse njira ina. Nangondo anatopa n'kuphikira anthu odya choimirira. Anamanga chitenje m'chiuno, anasenza kamba uja wa ku Mkokomo, n'kunena kuti, "Poti kuseri kuli kuseri basi, ndikakuone ndekha." Anatsetsereka pathanthwe kuposa amuna onse awiri. Atatuwo anapeza nkhalango ya masuku imene Njiri ankaidutsa chapatali kuyambira ali mwana, anapeza kasupe wa madzi otentha momwe ankaviika maondo, ndipo pakutha pa mwezi maondo aja anali atasiya kulira. Phanga lija ankalipatsabe moni, ndipo mpaka lero silinanene kuti lowani.

Mbiri ilibe miyendo koma imayenda. Akakowa anainyamula nkhani ya alamu awiriwa n'kupita nayo kutali.

Mwezi utatha, Njovu anabwerako. Woyamba kutsika anali Nyani, akuyenda ngati wakhalira moto. Njiri anamufunsa, mtima ukumuwawabe, kuti, "Mwaonako zotani, a Nyani?"

"Makutu a Njovu," anatero Nyani. "Popita makutu, pobwera makutu. Kumathithiko ndinali ndi chizungulire, ndinangogona."

Pambuyo pake panatsika mlendo wonyowa ubweya, dzina lake Katumbu, atanyamula kaphukusi. "Pepani, ndikufuna alamu awiri aja operekezana. Kwathu nkhani ndi yomweyi, ana mpaka akuimba nyimbo yake. Ndati ndisafe ndisanawaone."

"Ndife amene. Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Mkokomo."

Njiri anagwada pomwepo, maondo onse awiri. "Ku Mkokomo kwenikweni? Ndiuzeni, mathithi aja ali bwanji?"

Katumbu anakanda kumutu. "Ndi madzi akugwa basi. Phokoso lokhalokha, pocheza timachita kukuwa. Kunena zoona sindinawayang'anepo bwinobwino, khomo la nyumba yanga linapenya kwina."

Nangondo anangoyang'ana mwamuna wake. Njiri anamva manyazi mpaka kumchira, chifukwa mawu amenewo ankawadziwa mwini wake.

Anamutenga mlendoyo masiku anayi. Anamutsetseretsa pathanthwe, anapita naye kukapereka moni kwa mwini phanga, anamudyetsa masuku, anamukweza pansonga pa phiri n'kumulozera kuti, "Apo ndi pakhomo panga." Katumbu anati chibadwire sanaone dziko lotere.

Tsiku lachisanu Katumbu anatsanzika. "Njovu sanyamukanso mpaka chaka chamawa. Ndingotsata mtsinjewu pang'onopang'ono, ndikafika."

Njiri anatola kaphukusi kaja. Nangondo anamanga chitenje. Nungu anati, "Nanga inu alamu mukabwerako ndi yani?" n'kutola ndodo.

Atafika pamphambano, Katumbu, munthu wosadziwa kanthu, anati, "Zikomo kwambiri, bwererani pano." Onse atatu anangoseka.

Anayenda miyezi iwiri wapansi, ulendo umene ankati sayenda wapansi. Ukanatha msanga, koma Njiri ankaima paliponse, apa kuti alawe chipatso chachilendo, apo kuti aone ngati thanthwe lina likuterera. Tsiku lina m'mawa anamva kugunda pansi pa mapazi awo, anakhota pagomo, ndipo mathithi aja anali patsogolo pawo, madzi akugwa kuchokera kumwamba n'kumafuka ngati utsi, utawaleza utaima pakati. Njiri analiranso, koma Nangondo sanamutonthoze, poti naye ankalira.

Katumbu anali atayamba kale kulowera kunyumba kwake. Njiri anamugwira paphewa n'kumutembenuza. "Katundu wanu sindikupatsani mpaka muyang'ane uko."

Katumbu anayang'ana. Anayang'ana mpaka dzuwa linasuntha. Kenaka anati chapansipansi, "Kodi zimenezi zakhala zili pano masiku onsewa?"

"Kuseri kwa nyumba yanu," anatero Njiri, n'kumupatsira kaphukusi kake. "Mwafika. Ife tione msana wa njira."

Katumbu anaponya kaphukusiko m'nyumba, anatseka chitseko, n'kulanda ndodo ija m'manja mwa Nungu.

"Mlendo sabwerera yekha," anatero.

Kathera pamenepo kanthano kanga, ndipo amene akuti kuno n'kotopetsa amve: maso amene sanaphunzire kuona kuseri kwa phiri lakwawo, ngakhale uwakweze Njovu, amakaona makutu okhaokha.