Zilembo za Nachisale pa Thanthwe la Mpatawanjiwa

Anthu a kwa Matiya, amene lero mumawaona m'misika atanyamula zitini za penti akulemba mayina pa magolosale ndi pa ngolo, sanayambire kuno ayi. Makolo awo ankakhala kutsidya kwa malire, m'dziko la nsungwi ndi mbuzi zambiri, ndipo kumeneko anakhalako mibadwo inayi: Kamzati anabereka Dzoole, Dzoole anabereka Gwedeza, ndipo Gwedeza, wa mfunda wa Mbewe, ndiye anabereka Siyileni ndi mlongo wake Matiya.

Chimene chinawasamutsa ndi chibalo. Asilikali a boma la kumeneko ankalowa m'midzi ndi zingwe, nkumanga amuna amphamvu kupita nawo kukakumba misewu kutali, ena osabwerakonso. Matiya anamugwira atangotha miyezi isanu ali pabanja ndi Dziwenji, Nachisale, amene anamutengera kwawo kuchitengwa. Pamenepo Gwedeza anati zakwana. Atangokolola, mudzi wonse unasenza mbewu ndi ana, nuyenda masiku khumi ndi limodzi kufikira pa Mpatawanjiwa, pamene pali dziwe m'tsinde mwa thanthwe lalitali, ndipo njira imagawikana patatu. Anakamanga kuseri kwa phiri, ulendo wochoka m'mawa nkufika dzuwa lili paliwombo, m'chigwa chimene wapaulendo sangachidziwe.

Onse anapeza mpumulo kupatula Nachisale. Iye ankadziwa kuti aliyense wothawa chibalo amamwa pa dziwe lija, koma akamwa amadzuka nkutenga njira imodzi mwa zitatuzo, ndipo palibe imene imapita kwawo kwatsopano. Mwamuna wake akanadzafika, nkumwa, nkupitirira mpaka kalekale. Mwambo wa apaulendo unali wotseka njira zolakwika ndi masamba kuti wotsatira asasokere, koma masamba amauluka ndi mphepo, komanso msilikali amawadziwa bwino lomwe.

Nzeru inachokera kwa Gwedeza. Ali mnyamata anagwirako ntchito kwa amishoni, kupenta zitseko ndi kulemba pa mabokosi, ndipo anaphunzitsa mwana wake Matiya chinthu chimodzi chokha, kuzindikira dzina lake. Anati dzinalo likalembedwa pa thanthwe, Matiya akadzaliona sadzachokapo. Koma iye mwini maso anali atayamba kuchita chifunga, ndipo bondo silikanamulola kukwera. Siyileni anayesa tsiku limodzi, nkutaya burashi uko, nati iye anabadwira khasu. Ndiye Nachisale anatuma mawu kudzera mwa mlamu wakeyo kuti iye ndiye aphunzire.

Apa mpamene panali vuto, ndipo amene anakulira m'tauni amve bwino asanayambe kuseka. Nthawi imeneyo mkazi sankakhala pafupi ndi apongozi ake aamuna, sankawayankhula pamaso, ngakhale kupondana nawo mthunzi kumene. Kukhala nawo phewa ndi phewa pa mphasa imodzi chikanakhala chinthu choti mudzi wonse ugwire pakamwa. Tsono anapangana motere: Gwedeza azikhala pa thanthwe lafulati la kuseri kwa khola, Nachisale azigwada mbali inayo moyang'anizana nawo, maso ali pa dzanja lawo basi, ndipo mawu onse azidzera mwa Siyileni.

Burashi anapanga ndi ndevu za tonde, atazimanga ndi luzi nkuzimata ndi phula kunsonga kwa bango. Penti analibe, choncho ankaviika m'madzi. Gwedeza ankalemba chilembo chimodzi pa mwala wotentha, Nachisale nkuchimeza ndi maso chisanaume, kenako nkupita kuseri kwa nyumba yake kukachiyesa pa mphero.

Anayamba ndi I, kamzere koima kokha, ndipo kamzereko kanamudyera masiku asanu ndi atatu. Dzanja lozolowera munsi ndi mthiko linkafinya bango mpaka kulithyola. Mzere unkatuluka wonenepa ngati chinangwa, mwina wonjenjemera ngati nyongolotsi.

"Uwauze apongoziwo," Gwedeza ankatero akuyang'ana kumbali, "kuti burashi si nkhuku yoti aipotokole khosi. Aigwire ngati dzira. Poyamba atsindike, pomaliza akweze dzanja pang'onopang'ono, mpweya asaubanike."

Siyileni sankapereka uthenga wopanda ndiwo. "Wamva, mkazi wanga? Akuti manja akowo ngothyolera nkhuni. Mlongo wanga anakuona chiyani kodi?"

"Muwauze ndamva, alamu," Nachisale ankayankha chapansipansi. "Zinazo ndikuyankhani kumtondo."

Chilembo chilichonse ankachipatsa dzina lakelake monga mmene ankachionera. A ankati mutu wa ng'ombe, nyanga zili m'mwamba. T ankati munsi woimika pa mphasa. Y linali phazi la nkhuku, ndipo M, amene anamuliza misozi kwa mwezi wathunthu chifukwa makona ake ankangosungunuka, ankati mabere a mbuzi. Pang'onopang'ono dzanja linafewa. Anayamba kumva pamene ndevu zija zakhuta madzi ndi pamene zili ndi ludzu, anadziwa kuzipsinja m'mphepete mwa chikho kuti zisadonthe, ndipo akuluakulu amati miyezi imeneyo ndi imene anayambanso kuimba posinja. Ankalemba pa mphero, pa mtsuko, ngakhale pa msana wa mwana wa mnzake pomusambitsa. Zonsezo zinali za madzi, zinkauma munthu wodziwa asanazione.

Mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, Gwedeza anatuma mawu omaliza: ayambire kumanzere kupita kudzanja lodyera, motsatana M, A, T, I, Y, A. Nachisale anali atasunga dothi loyera limene anakumba kutali, lokwana mphika umodzi wokha, ndipo analisakaniza ndi utomoni wa mkuyu kuti ligwire. Anakwera thanthwe lija pa makwerero a nsungwi, Siyileni atagwirira pansi, nalemba zilembo zisanu ndi chimodzi, chilichonse kutalika ngati mkono.

M'mawa mwake amuna anayi ananyamula Gwedeza pa machira kuti akaone. Mkuluyo anatsinzinira, anasendera pafupi, anapendeketsa mutu, kenako anakhala pansi. Zilembo zinali zokongola, zonenepa poyambira ndi zosongoka pomalizira monga anaphunzitsira, koma chilichonse chinaima chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba. Nachisale anaphunzira ali moyang'anizana ndi mphunzitsi wake, ndipo analemba ndendende zimene maso ake anaona.

Siyileni atamva anaseka mpaka kugwira nthiti, koma ataona nkhope ya mlamu wake analeka. Dothi linali litatha, mvula inali pakhomo, ndipo utomoni unali utagwira kale moti ngakhale kupala ndi mwala sizikanatheka. Nachisale anagwada patali, misozi ikugwera pa maondo.

Gwedeza anayang'ana kuthengo, nati, "Uwauze kuti sanalakwe iwo. Anandipatsa ulemu, ndipo ulemuwo ndi umene uli pamwalapo. Tiyeni kumudzi."

Mwezi wotsatira asilikali anafikadi pa Mpatawanjiwa akusaka othawa, ali ndi kalaliki wodziwa kuwerenga. Abulu awo analowa m'dziwe nkulivundula lonse. Kalalikiyo anayang'ana pa thanthwe, nati izi ndi zojambula za Akafula akalekale, zopanda mutu, ndipo gulu lonse linatenga njira ya kumpoto. Likanakhala dzina loima bwino, akanasanthula phiri lonselo. Koma Nachisale sizinamutonthoze kwenikweni: chimene chalepheretsa kalaliki, mwamuna wodziwa dzina limodzi lokha akanachitha bwanji? Komabe masiku asanu alionse ankasenza mtsuko kupita ku dziwe lakutalilo, kusiya mtsinje uli pakhomo, ndipo anthu anasiya kumufunsa.

Matiya anafika chilimwe chachiwiri, ali yekha, mapazi atang'ambika, atapeza kwawo kuli bwinja. Pa thanthwe anayang'anapo, osaonapo kanthu koma mizere yoyera. Anagwada kuti amwe. Dziwelo, limene nthawi zonse linkachita timafunde ndi mphepo ya pampata, tsiku limenelo linangoti zii, njiwa zonse zinaleka kulira, ndipo pamwamba pa madzi, patsogolo pa manja ake, panali dzina lake litaima bwinobwino. Thanthwe linadziyang'ana m'madzi, ndipo madzi anaimika zimene zinali chadodolido. Matiya sanamwe msanga, kuopa kulithyola dzinalo. Anakhala pamenepo masiku atatu akudya nkhuyu.

Tsiku lachinayi Nachisale anatulukira ndi mtsuko wake. Anaona munthu wowonda atakhala m'tsinde mwa thanthwe, anaima, kenako anatula mtsukowo pansi bwinobwino, chifukwa unali wobwereka.

"Nachisale," anatero Matiya, "bambo akadali ndi mphamvu zokwera pamenepa?"

"Sanakwere iwo, aMbewe. Ndine."

"Nanga unadziwa bwanji kuti ndidzawerengera m'madzi?"

Nachisale anayang'ana m'dziwe muja, madzi akadali zii, ndipo kanali koyamba kuona zilembo zake monga mmene apongozi ake ankazionera. Anaziyang'ana nthawi yaitali. "Munthu wochokera kutali amayamba wawerama," anatero. Nkhani yeniyeni Siyileni anaiulula tsiku lomwelo, asanamalize nkomwe kulira ndi chimwemwe poona mlongo wake.

Gwedeza anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo Nachisale anaphunzira kwa iwo zilembo zonse zotsala, akadali mbali yake yomwe ija, kungoti tsopano ankalemba pa thabwa, Matiya nkumalitembenuza. Anabereka ana asanu. Wachitatu, Zakeyu, ndiye anayamba kulemba pa ngolo za anthu, ndipo kwa Zakeyu kunachokera Lufeyo ndi Edesi, amene zidzukulu zawo zadzaza m'misikamu.

Mpaka lero mlembi wa kwa Matiya mungamudziwe ndi dzanja: ena onse amakokera burashi pansi, iye amaikankhira m'mwamba, monga Nachisale anaonera ali kutsidya kwa mwala. Mwana wa m'banjamo akafuna kuyamba ntchitoyi samugulira penti. Amamupatsa bango, ndevu za tonde ndi chikho cha madzi, ndipo amakhala pa I yekhayo mpaka dzanja litasiya ukali. Dziwe la Mpatawanjiwa silinaphwepo chiyambire, ngakhale zaka zimene mitsinje inasanduka mchenga, ndipo zilembo zisanu ndi chimodzi zija mvula yalephera kuzichotsa. Alendo amafika ndi mafoni, kujambula thanthwe ataimirira, nkumadandaula kuti sizikuwerengeka. Eni ake amangodikira kuti ludzu liwagwire, agwade.