Mankhwala a Phiko Lopindika

Panali munthu wina wokonda kuulutsa tindege ta rimoti, tija timakwera m'mwamba mwiniwake ali chiimire pansi. Anali ndi ndege imodzi yakale. Tsiku lina anaiiwala m'galimoto dzuwa likuswa mtengo, phiko lake la kumanzere n'kupindika pang'ono. Ndi maso sukanaona. Koma m'mwamba zinkadziwika.

Ndege ikamathamanga, chilema chimabisika. Koma eni masewerawa satamandana chifukwa cha liwiro. Amatamanda munthu amene angaiyendetse pang'onopang'ono, mphuno m'mwamba, mchira pansi, ikudutsa pamaso pa anthu ngati ikuyenda wapansi. Pamenepo mphepo yodutsa m'mapiko imachepa, ndipo chilema chilichonse chimatulukira. Ndege ya munthu uja, akangochepetsa moto wa injini, inkagwera kumanzere.

Ndiye anachita chimene eni ake amati kusakaniza. Rimoti imalola kumangiriza ziwongolero, kuti ukagwira chimodzi, chinzake chizisuntha chokha. Iye anamangiriza moto wa injini ku timapiko tosuntha ta m'mphepete mwa mapiko, ndiponso ku chiwongolero cha kumchira. Akachepetsa moto, zonsezo zinkakankhira kumanja zokha. Chilema chikoke kumanzere, rimoti ikoke kumanja, ndege n'kuwongoka. Anauluka nayo chotero zaka zambiri, mpaka mumtima mwake anakhulupirira kuti ndege iliyonse imagwera kumanzere.

Munthuyu anali ndi mng'ono wake, dzina lake Yotamu. Yotamu anakhoma ndege yatsopano ndi manja ake. Dzinja lonse anali pa ntchitoyo, kusema timatabwa topepuka, kumata ndi guluu, kulinganiza phiko ili ndi linzake. Mpingo wawo unakonza tsiku la masewera pabwalo la sukulu, ndipo iye analonjeza kuti adzaionetsa ikuyenda pang'onopang'ono. Kanali koyamba kuti aime yekha pamaso pa anthu, osati kumbuyo kwa mkulu wake.

Rimoti anali nayo imodzi, ya mkuluyo, yosunga makonzedwe a ndege zingapo. Yotamu anaibwereka, nakayesa ndege yake yatsopanoyo, mkuluyo atachokapo. Pobwera anati, "Achimwene, yawongoka bwinobwino."

Mkuluyo anavomera ndi mutu, koma mtima sunakhazikike. M'mawa wa tsiku la masewera lija anatenga rimoti ali yekha. Anakopera kusakaniza kwa ndege yake yakale n'kukuika pa ndege yatsopano. Anakumangirira ku swichi ina imene Yotamu sankaigwira, n'kuisiya yoyatsa.

Mwambo wa anthu oulutsa ndege ankaudziwa. Kusakaniza kwatsopano umakuyesa kutali m'mwamba, kumene ungalakwe n'kukonza. Ndipo makonzedwe a mnzako sukhudza osamuuza. Koma iye anadziuza kuti akuteteza mwana.

Atafika pabwalo, mkuluyo ananyamula ndegeyo yekha, naigwira mchira mpaka nthawi yonyamuka, kuti Yotamu asaone kuti timapiko tapendekeka. Yotamu anatsegula moto wonse. Ndege inakwera mowongoka, anthu n'kukuwa.

Ili m'mwamba, Yotamu anachepetsa moto. Phiko la kumanja linagwa. Analikweza ndi chala, linagwanso.

Anthu sanaone kanthu. Koma mkuluyo anaona.

"Achimwene, mwaona?" anatero Yotamu, maso ali m'mwamba. "Ikugwera kumanja. Dzana sinkatero. Kapena guluu wamasuka?"

"Mwina ndi mphepo," anayankha mkuluyo.

Mphepo kunalibe. Mbendera ya pasukulu inali itangolendewera.

Bambo wina wa pabenchi anafuula kuti, "A pailoti, tsitsani tione! Kumwambako ife tikungoona ngati khwangwala!" Anthu anaseka. Yotamu analuma mlomo, nayamba kuitsitsa. Thukuta linali litatsikira m'maso, koma analibe dzanja lopukutira.

Mkuluyo anaima ngati chitsa. Akanena, mng'ono wake adziwa kuti anamulowerera mobisa. Akapanda kunena, ntchito ya dzinja lonse ithera m'fumbi, ndipo Yotamu adzakhala akudzida chifukwa cha cholakwa chimene sanachite.

Ndege inatsika kufika pa msinkhu wa denga la kalasi. Yotamu anakweza mphuno yake, nachepetsanso moto. Phiko la kumanja linagwa kwambiri, ndege n'kukhotera kumabenchi kumene kunakhala amayi ndi makanda. Mayi wina anaweramira mwana wake.

Apo mkuluyo anakuwa. "Yotamu, gwetsa swichi ya kumanzereyo! Gwetsa!"

Yotamu anaigwetsa. Ndege inadzandira kamodzi, kenaka inawongoka. Anaichotsa kumabenchi, naidutsitsa pakati pa bwalo, mphuno m'mwamba, mapiko ali phee, pang'onopang'ono moti munthu akanatha kuyenda nayo limodzi. Anthu anaimirira ndi nthungululu. Ndege inatera bwino pa udzu.

Koma Yotamu sanatembenukire kwa anthu. Anayang'ana rimoti, kenaka mkulu wake.

"Pa swichi imeneyi ine sindinaikepo kanthu."

"Ndinaika ndine. Ndimaopa kuti igwera kumanzere."

"Munaiona ikugwera kumanzere?"

"Ayi."

"Yogwera kumanzere ndi yanu ija, achimwene. Iyi ndi ina."

Anaika rimoti m'manja mwa mkulu wake, nanyamula ndege yake paphewa, n'kumapita kwawo yekha.

Tsono inu amene mukundimva, ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo sindikunena izi ngati munthu woyera. Koma tamverani. Alipo wina amene anakunamizani kale, kaya mkazi, kaya bwenzi, kaya mwana wanu weniweni. Munaphunzira kukayika, ndipo kukayikako kunakuthandizani pa nthawi yake. Sindikukana. Koma munthu ujayo anapita. Amene muli naye lero sanakunamizeni. Komabe mumamufufuza m'foni, mumamufunsa funso limodzi kawiri, akachedwa pang'ono mwamuweruza kale. Mumati mukuteteza banja. Ndiye akayamba kupendekeka mumati, "Ndinanena ine," osadziwa kuti akumukankha ndinu. Ndipo iye ali apo, akudzifunsa kuti analakwa pati.

Masiku otanganidwa zimenezi sizioneka. Zimatuluka mukakhala pansi awiriwiri, mawu atachepa. Kunena kudzakuchititsani manyazi, ndipo mwina adzachoka pamaso panu atakwiya. Nenanibe. Pitani lero mukamuuze kuti, "Mantha awa ndinawatenga kwa munthu wina. Iwe sunandilakwire."